Cajal, mwana wovuta amene anafufuza ubongo

Inu makolo a ku Phalombe amene mwatopa ndi mwana wosakhoza m'kalasi, tamvani za Santiago Ramón y Cajal. Anabadwira ku Spain mu 1852. Kusukulu ankavuta, mpaka bambo ake anakamusiya kwa wometa tsitsi, kenako kwa wosoka nsapato. Koma atakula anakhala dokotala. Poyang'ana pa maikulosikopu, anapeza kuti ubongo uli ndi maselo oima paokha, amene amapatsirana uthenga pomwe akumana. Mu 1894 anafotokoza kuti kuchita chinthu mobwerezabwereza kumalimbitsa malo okumaniranawo. Lero akatswiri amati umu ndi mmene timakumbukirira zinthu. Analandira mphoto ya Nobel mu 1906, namwalira mu 1934. Mwana wanuyo musamutayirire. Muziwerenga naye madzulo aliwonse.