Clements Kadalie: Mphunzitsi Amene Anagwedeza Joni

Anzanga a m'bungwe lathu, pa nthawi yathu ya sukulu ine sindinalimvepo dzina la Clements Kadalie m'kalasi. Ndinalimva kwa agogo anga amene anagwirako ntchito ku Joni, ndipo ankalitchula mwaulemu ngati la mfumu.

Kadalie anabadwa m'chaka cha 1896 pamudzi wa Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira ku Livingstonia nalandira setifiketi ya uphunzitsi akadali mnyamata. Choko sanachigwire nthawi yaitali. Mu 1915 anauyamba ulendo wofuna ntchito, nadzera ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia komwe anali kalaliki pamigodi, mpaka anafika ku Cape Town mu 1918.

Kumeneko, mothandizana ndi mzungu wina dzina lake A.F. Batty, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu Januwale 1919. Anayamba ndi anthu 24 okha, ambiri a iwo onyamula katundu padoko. Mu Disembala chaka chomwecho ananyanyala ntchito kwa masabata awiri, ndipo m'chaka chotsatira malipiro a padoko anakwera. Boma linafuna kumthamangitsa m'dzikomo koma linalephera. Taganizani, mlendo wochokera kunyanja, wolankhula kumisonkhano m'Chingelezi chimene anaphunzira kumishoni, kuimirira pamaso pa mabwana ndi apolisi! Pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000, ambiri mwa iwo antchito a m'mafamu a azungu amene ankachotsedwa pamalo popanda kodandaula. Chaka chomwecho anapita ku Geneva ndi ku London kukafotokoza madandaulo awo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bungwe lalikulu chotere linagwa msanga. Ndalama za mamembala sizinkasungidwa bwino (amene munakhalapo asungichuma m'bungwe lathu lino mukudziwa kuvuta kwake), ndipo atsogoleri anayamba kulimbana okhaokha. Mu 1926 anachotsa achikomyunizimu, amene ena mwa iwo anali akhama zedi. Mu 1928 nthambi ya ku Natal inapatuka ndi A.W.G. Champion, ndipo mu 1929 Kadalie yemwe anatuluka nayambitsa Independent ICU. Ine ndimaona kuti nayenso anali ndi gawo lake pa kugwaku, pakuti ankadziwa kudzutsa anthu kuposa kuyendetsa ofesi.

Komabe sanasiye. Mu 1930 anatsogolera sitalaka ina ku East London, namangidwa. Anakhala mumzinda womwewo mpaka imfa yake mu Novembala 1951. Buku la moyo wake, My Life and the ICU, linasindikizidwa mu 1970, patatha zaka 19 ali m'manda.