PERPETUA WA KU CARTHAGE, MAI AMENE SANALOLE KUTAYA DZINA LACE

Pa tsiku la 7 la mwezi wa March Akristu a m'maiko ambiri amakumbukira mai wina wa m'Afrika, dzina lace Perpetua. Iye anali wa ku Carthage, mzinda waukuru wa m'mbali mwa nyanja, m'dziko limene tsopano litchedwa Tunisia. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Aroma, ndipo Kaisara wao anali Septimius Severus. Aroma sanali kuletsa munthu kupembedza mulungu wa makolo ace, koma anafuna kuti ponenedwa aperekenso nsembe kwa milungu ya Roma kupempherera moyo wa Kaisara. Wokana nsembeyo anayesedwa mdani wa boma. Akristu anali kupereka msonkho ndi kupempherera mafumu, koma nsembe yotere sanathe kuipereka.

Perpetua anabadwa m'banja lomveka, naphunzira bwino kuwerenga ndi kulemba. M'caka ca 203 anali wa zaka ngati 22, wokwatiwa, ndipo anali ndi mwana wamwamuna woyamwa. Anali asanabatizidwe, anali cabe wa m'kalasi la ubatizo. Pamenepo asilikari anamgwira pamodzi ndi anzace anai a m'kalasimo, ndiwo Revocatus, Felicitas, Saturninus ndi Secundulus. Felicitas anali kapolo, ndiponso anali ndi pakati. Mphunzitsi wao Saturus sanalipo pa kugwidwa kwao, koma atamva anapita yekha kukadzipereka, kuti asasiye ophunzira ace okha pa mlandu umene anawalowetsamo ndi ciphunzitso cace.

Atate ace a Perpetua sanali Mkristu, ndipo anamkonda iye koposa ana ao onse. Anadza kwa iye nampempha kuti aleke kudzitcha Mkristu. Pafupi pamenepo panali mtsuko wa madzi. Perpetua anauloza, nafunsa atate ace ngati ciwiya cimeneco cingatchedwe ndi dzina lina losati mtsuko. Atate anabvomera kuti sicingatero. Tsono iye anawauza kuti momwemonso sakanatha kudzitcha dzina lina losiyana ndi cimene iye anali. Nkhalambayo inapsa mtima kwambiri, nicoka. Patapita masiku owerengeka Perpetua ndi anzace anabatizidwa, ndipo posacedwa anaponyedwa m'ndende.

Zimene zinacitika m'ndendemo zidziwika cifukwa Perpetua anazilemba ndi dzanja lace, ndipo zolemba zacezo ziri mwa zoyamba zimene mkazi Wacikristu anasiyira Eklesia. Sanabise mantha ace. Analemba kuti anaopsedwa ndi mdima, pakuti mdima wotere anali asanauone. Kunali kutentha cifukwa ca kupanikizana kwa anthu, ndipo asilikari anali aukali. Koma cimene cinamsautsa koposa ndi mwana wace, amene anali kufooka ndi njala. Atumiki awiri a mpingo, Tertius ndi Pomponius, anapatsa alonda ndalama kuti omangidwawo aturutsidwe kanthawi kumalo opita mphepo. Pambuyo pace analoledwa kukhala ndi mwanayo, ndipo kuyambira pomwepo ndende inamkomera ngati nyumba ya mfumu.

Atamva kuti mlandu wayandikira, atate ace anadzanso. Tsiku limenelo sanakalipe. Anagwa pa mapazi ace, nampsompsona manja, nampempha ndi misozi kuti acitire cifundo imvi zao, amai ace, abale ace ndi khanda limene silikanatha kukhala popanda iye. Ici cinali ciyeso coposa ndende, pakuti Perpetua anawakonda atate ace. Anawatonthoza nawauza kuti pabwalo padzacitika cimene Mulungu afuna.

Pa tsiku la mlandu kazembe Hilarianus anakhala pa mpando, ndipo atatewo anafika atanyamula mdzukulu wao. Kazembe anauza Perpetua kuti aganizire nkhalamba ndi khanda, apereke nsembe, apite kwao. Iye anakana. Pamenepo kazembe anamfunsa ngati ali Mkristu, ndipo iye anabvomera. Mlandu wonse unathera pa mau amenewo, pakuti panalibe wina womneneza za kuba kapena kupha. Atate ace popitiriza kumdandaulira anakanthidwa ndi ndodo mwa lamulo la kazembe, ndipo Perpetua analemba kuti anamva kuwawa monga ngati ndodoyo inagwa pa iye mwini. Onsewo anaweruzidwa kuti akaponyedwe kwa zirombo pa masewera okondwerera kubadwa kwa Geta, mwana wa Kaisara.

Felicitas anali ndi nkhawa yaceyace. Lamulo la Aroma linaletsa kupha mkazi wapakati, ndipo iye, pokhala m'mwezi wace wa 8, anaopa kuti anzace adzamsiya, nadzafa yekha pambuyo pakati pa ocita zoipa. Anzacewo anampempherera, ndipo masiku owerengeka masewera asanafike anabala mwana wamkazi, amene mlongo wina wa mu mpingo anamtenga namlera ngati wace. Secundulus anamwalirira m'ndende. Mlonda wao Pudens, poona makhalidwe a anthu awa, anayamba kuwalemekeza ndi kulola abale kudzawaona, ndipo potsiriza iyenso anakhulupirira.

Tsiku litafika, pacipata ca bwalo anafuna kuwabveka zobvala za ansembe a milungu ya Carthage. Perpetua anakana, nati anadza kumeneko mwa kufuna kwao kuti asakakamizidwe ku zinthu zotere. Ndipo mkuru wa asilikari anawaleka alowe ndi zobvala zao. Amuna anawaturutsira nyalugwe, cimbalangondo ndi nguluwe, koma akazi awiriwo anawaturutsira ng'ombe yaikazi yolusa. Ng'ombeyo inamponya Perpetua pansi. Iye anakhala tsonga, nakoka cobvala cace cong'ambika kuti adzipfunde, namanga tsitsi lace, pakuti tsitsi lomasuka linali cizindikiro ca maliro, ndipo sanafune kuoneka wolira tsiku limenelo. Ataona Felicitas ali gone, anapita namgwira dzanja namuutsa. Mwana wa mfulu ndi kapolo anaima pamodzi pamaso pa khamu lonse, ngati ana a mimba imodzi.

Anaitananso mlongo wace ndi mnyamata wina wa m'kalasi, nawalangiza kuti alimbike m'cikhulupiriro, akondane, ndipo asakhumudwe ndi zimene anaona. Potsiriza onse otsala anapsompsonana mwa mtendere, naphedwa ndi lupanga. Wakupha Perpetua anali mnyamata wosazolowera nchitoyo, ndipo dzanja lace linanthunthumira. Perpetua analigwira nalitsogolera pakhosi pace. Patapita zaka ngati 200, Augustine wa ku Hippo anali kulalikirabe za akazi awiriwa pa tsiku la cikumbutso cao.

Kulembedwa m'buku la mpingo sikubvuta, ndipo ambiri alandira dzina la Mkristu monga malaya a pa Sabata, obvala m'mawa ndi kubvula madzulo. Perpetua anapemphedwa cinthu cacing'ono, nsembe ya kamphindi, ndipo amene anampempha anali atate omkonda. Lero lino kukana dzinali kumadza momwemo: mbale akakamiza kupita kwa woombeza mwana akadwala, mnansi apempha umboni wonama pa bwalo la mfumu, mnzako wa ku nchito ati palibe woona. Mtsuko udziwika ndi madzi amene usunga, ungakhale uli pacitsime kapena m'nyumba mopanda anthu. Wodzitcha Mkristu adzifunse ngati akhalabe Mkristu pa tsiku limene dzinalo limtayitsa kanthu.