Walery Jaworski

Walery Jaworski (20 Malichi 1849 – 17 Julayi 1924) anali dokotala wa ku Poland komanso pulofesa pa yunivesite ya Jagiellonian mumzinda wa Kraków. Amadziwika ngati mmodzi mwa madokotala oyamba kuona mabakiteriya okhala m'mimba mwa munthu ndi kuwaganizira kuti ndiwo amayambitsa matenda a m'mimba.

Moyo wake

Jaworski anabadwira m'mudzi wa Florynka, m'dera lomwe nthawi imeneyo linkalamulidwa ndi Austria. Zaka zambiri za moyo wake anagwira ntchito ku Kraków, kuphunzitsa ndi kuchiza odwala m'mimba. Anamwalira mumzinda womwewo ali ndi zaka 75.

Zimene anapeza

Masiku amenewo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti palibe kachilombo kangakhale moyo m'mimba chifukwa cha asidi. Jaworski ankalowetsa kachubu m'mimba mwa wodwala, n'kutsukamo ndi madzi, kenako n'kuunika zotsalira pansi pa madziwo ndi maikulosikopu. M'menemo anaonamo tizilombo topotanapotana, tomwe anatitcha Vibrio rugula. Mu 1899 analemba zimenezi m'buku lake lofotokoza matenda a m'mimba, ndipo anati tizilomboto tingakhale gwero la zilonda za m'mimba. Koma bukulo linali m'Chipolishi, choncho madokotala a m'mayiko ena sanaliwerenge. Kwa zaka zoposa 80 odwala ankauzidwa kuti zilondazo zimadza ndi nkhawa, asidi wochuluka kapena zakudya.

Ntchito yake atamwalira

Mu 1982, Robin Warren ndi Barry Marshall a ku Perth, Australia, anakwanitsa kuswetsa mabakiteriyawa mu labotale. Masiku ano amatchedwa Helicobacter pylori, ndipo zinatsimikizika kuti amatupitsa khungu la m'kati mwa mimba, kuyambitsa zilonda, ngakhalenso khansa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005, ndipo akatswiri a ku Poland anakumbutsa dziko za buku la Jaworski.

Lero mabakiteriyawa amapezeka poyeza chimbudzi, mpweya wopuma, magazi, kapena kachidutswa kotengedwa m'mimba ndi chipangizo chokhala ndi kamera. Ku Malawi, odwala a m'maboma a m'chigawo chapakati monga Kasungu ofunika kuunikidwa chonchi amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Akapezeka nawo, amapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya pamodzi ndi ochepetsa asidi.