Jack Africa Chamangwana: jezi imene ena anaidikirira zaka 10

Mpira amalowa anthu 11 basi. Kaya ku kampu mwaitanidwa anthu 30, kaya nonse ndinu akatswiri, tsiku la masewero ena amavala jezi, ena amakhala pabenchi, ena dzina lawo silioneka n'komwe papepala. Amene mwayeserako timu ya pasukulu pano mukudziwa mmene mtima umagundira asala akamawerenga mayina. Tsono taganizani munthu amene dzina lake linawerengedwa ka 133 mu timu ya dziko lonse la Malawi. Munthuyo ndi malemu Jack Chamangwana, amene anthu ankangowatchula kuti Africa.

A Chamangwana anabadwa pa 30 April 1957. Timu yawo inali Wanderers, Manoma a pa Lali Lubani muno mu Blantyre, ndipo ankasewera kumbuyo, pakati pa otchinga. Mu 1975, ali ndi zaka 18 zokha, anavala jezi ya Flames koyamba pa masewero olimbana ndi Kenya. Zaka 18 anzanga, msinkhu wa ena mwa ife a Fomu 4.

Kulowa mu timu kuli ndi mwayi wake. Wina akavulala kapena kochi akangofuna kuyesa magazi atsopano, mwana amapatsidwa mpata. Nkhani imakhala pokhalitsa. Chaka chilichonse Bullets, Wanderers, Silver ndi matimu ena ankatulutsa anyamata atsopano ofuna malo omwewo, ndipo makochi a Flames ankasinthanso, aliyense kubwera ndi maso ake. Komanso malo a kumbuyo alibe chisoni. Womwetsa zigoli akhoza kuphonya kasanu, n'kugoletsa kamodzi, anthu n'kumunyamula. Wotchinga kumbuyo akaterereka kamodzi kokha mpira n'kulowa, mawa lake mu minibasi ya ku Limbe nkhani ndi iyeyo. Pa malo ovuta choncho a Chamangwana anakhalapo kuyambira 1975 mpaka 1985, mpaka kufika pokhala kaputeni.

Si kuti timuyo inali yofooka ayi. Inali Flames imene agogo athu amaikambabe mpaka lero. Mu 1978 Malawi inachititsa mpikisano wa East and Central Africa Challenge Cup, n'kutenga chikhocho itagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Chaka chotsatira, 1979, anakachiteteza ku Kenya pogonjetsa eni bwalo 3-2. Kochi anali Ted Powell wa ku England. Kutsogolo kunali Kinnah Phiri wa Bullets, amene anamwetsera dziko lino zigoli 71.

Apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa. Ku ligi, Kinnah ndi Jack anali adani enieni: wina wofiira, wina wabuluu, wina ntchito yake kugoletsa, wina ntchito yake kumuletsa. Maule ndi Manoma akakumana pa Kamuzu Stadium ku Chichiri, mzinda wonse unkagawikana pawiri monga mmene zimakhaliranso lero. Koma akaitanidwa ku Flames ankavala jezi imodzi. Ndiye wosewera kumbuyo aliyense wofuna kulanda malo a Jack ankayenera kuonetsa kuti angathe kugwira anthu ngati Kinnah kuposa iye. Ntchito imeneyo sinali yamasewera.

Mu 1984 Malawi inapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, a Chamangwana ali m'gulumo. Masewero anachitikira mu mzinda wa Bouaké. Algeria inatikwapula 3-0, ndi Nigeria tinalepherana 2-2, kenako Ghana inatipambana 1-0, ulendo n'kuthera pomwepo. Nambala ya 3-0 ija muisunge, ibweranso.

Mu 1986 anapita ku South Africa kukalowa Kaizer Chiefs. Nthawi imeneyo dzikolo linali pansi pa ulamuliro wa tsankho ndipo FIFA inali italichotsa mu mpira wa dziko lonse, koma ligi ya kumeneko inali yamphamvu komanso ya ndalama. Chiefs inali timu imene mnyamata aliyense wa ku Soweto ankailota. Tsono munthu wa zaka 29, wochokera kunja, ukaputeni wake wausiya ku Blantyre, anayambiranso pansi kulimbirana jezi ndi eni dziko. Mlendo akamalanda malo a mwana wa pakhomo sakhululukidwa akalakwitsa, eti? Koma ochemerera a Chiefs anamupatsa dzina lakuti Black Stone, mwala wakuda, ndipo dzina lotere sapatsa munthu wokhala pabenchi. Mu zaka zomwezo ndi mmene achinyamata monga Doctor Khumalo, mu 1987, ndi Lucas Radebe, mu 1989, ankayamba kuonekera mu timuyo. Chiefs inafika powakhulupirira a Chamangwana mpaka kuwapatsa udindo wa kochi.

Kuchokera apo moyo wawo unatembenuka. Amene ankadikira kumva dzina lake anasanduka wolemba mayina a ena. Anaphunzitsako Flames chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anakaphunzitsanso Young Africans ya ku Dar es Salaam, imene ambiri amaidziwa kuti Yanga. Ineyo ndimaona ngati mbali imeneyi ndi yowawa kuposa kusewera. Mnyamata wathamanga milungu yathunthu, wasiya zonse, iwe n'kumuyang'ana m'maso kuti ulendo uno atsale.

Mu 2010 Malawi inabwereranso ku Africa Cup of Nations, ku Angola, patatha zaka 26. Kochi anali Kinnah Phiri, womuthandiza Young Chimodzi, ndipo a Chamangwana anali mkulu woona za luso ku bungwe la FAM. Anzake a m'bwalo aja anakumananso, tsitsi litayamba imvi. Masewero oyamba anali a Algeria yomwe ija, ndipo Flames inapambana 3-0.

Pomalizira anabwerera kwawo ku Lali Lubani ngati mkulu woona za luso, ndipo anali pomwepo pamene Wanderers inatenga TNM Super League mu 2017, koyamba chitengereni mu 2006. Patangopita miyezi yochepa, pa 6 May 2018, anamwalira ku chipatala cha Queen Elizabeth ali ndi zaka 61. Ambiri a ife tinali ku pulayimale. Pa mndandanda wa osewera amene anavala jezi ya Flames kambirimbiri, pamwamba pa a Chamangwana pali munthu mmodzi yekha, Young Chimodzi, amene anafika 159.