Konrad Zuse, mmisiri amene anapanga kompyuta imodzi kawiri

Konrad Zuse anabadwa pa 22 Juni 1910 mumzinda wa Berlin, m'dziko la Germany. Bambo ake ankagwira ntchito ku positi. Ali mnyamata ankakonda kujambula zithunzi ndi kulumikiza tizitsulo, ndipo atakula anaphunzira uinjiniya wa zomangamanga, maphunziro omwe anamaliza mu 1935.

Ntchito anaipeza pafakitale ya ndege ya Henschel, koma sinamukomere. Tsiku lonse ankangowerengera masamu ofanana, kuona ngati chitsulo chakuti chingapirire kulemera kwakuti. Posakhalitsa anaisiya, n'kupempha makolo ake kuti amubwereke pabalaza m'nyumba mwawo kuti apangirepo makina ochita masamuwo okha. Makolowo anavomera, ngakhale kuti mwana wosiya malipiro a pamwezi chifukwa cha chinthu chimene palibe anachionapo sasangalatsa kholo lililonse.

Kuyambira mu 1936 mpaka 1938, Zuse ndi anzake ankadula timalata topyapyala ndi kasowo ka pamanja. Ndalama zinkachokera kwa achibale ndi mabwenzi. Nzeru yake inali yakuti makinawo asavutike ndi manambala khumi monga timachitira anthu, koma awiri okha, 0 ndi 1. Kachitsulo kakakankhidwira mbali iyi ndiye kuti ndi 0, kakakankhidwira mbali inayo ndiye kuti ndi 1. Njira imeneyi ndi imene foni iliyonse ya m'manja ikugwiritsa ntchito lero. Malangizo ouza makinawo zochita ankawaboola pa filimu yakale ya kanema. Makinawo, omwe anadzatchedwa Z1, anali olemera pafupifupi tani imodzi.

Z1 inkawerengera ndithu, koma inkakanirira pafupipafupi. Mmisiri wa ku Insaca kapena ku Entre Lagos amene anakhomerapo bokosi lamatabwa la wailesi yosweka akulidziwa vutoli: ukaphonya pang'ono poyeza, zinthu sizigwirana. Zuse anali ndi timalata masauzande ambiri todulidwa pamanja, ndipo kamodzi kakapindika, ntchito yonse inkaima.

Choncho anasintha njira. Anatolera timaswitchi tamagetsi totchedwa relay, tambiri mwa ito takale tochokera m'makina a telefoni, n'kupanga Z3, yomwe anaionetsa kwa akatswiri pa 12 Meyi 1941. Ambiri amaiwerengera kuti ndiyo kompyuta yoyamba yogwira ntchito yokha motsatira malangizo olembedwa. Koma iyi inali nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndipo apa mbiri yake ili ndi banga losabisika. Zuse analandira thandizo kuchokera ku mabungwe a boma la Hitler, ndipo anapanganso makina ena owerengera mapiko a mabomba ouluka a kampani ya Henschel. Nkhondo yomweyo inamudyera ntchito yake: mabomba ogwa pa Berlin anaphwasula Z1 ndi Z3, pamodzi ndi mapulani a Z1.

Inatsala ndi Z4 yokha. Mu 1945, nkhondo ili pafupi kutha, Zuse anathawa nayo ku Berlin kupita ku Göttingen, kenako kumapiri a kumwera, m'mudzi wa alimi a ng'ombe wotchedwa Hinterstein, komwe anaibisa. Chaka chomwecho anali atakwatira Gisela Brandes, ndipo mwana wawo woyamba, Horst, anabadwira kumapiriko. Chakudya chinali chosowa. Munthu amene anapanga kompyuta ankasema zithunzi pathabwa n'kumazidinda papepala kuti agulitse, banja lipeze chodya. Poti zipangizo zopangira makina panalibe, anakhala pansi n'kulemba Plankalkül, chinenero cholembera malangizo a kompyuta, chomwe chinadzasindikizidwa chonse mu 1972.

Atasamukira m'mudzi wa Hopferau anailumikizanso Z4, ndipo ina mwa ntchito zimene inagwira kumeneko inali kuwerengera ndalama zoyenera kulipidwa kwa alimi opereka mkaka. Mlimi wa fodya kapena nandolo amene anaimapo pasikelo, n'kumadikira kalaliki kuti achulukitse makilo ndi mtengo, akudziwa kuti masamu otere si nkhani yamasewera.

Mwayi unabwera ndi Eduard Stiefel, mphunzitsi wa masamu wa kusukulu ya ukachenjede ya ETH ku Zürich, m'dziko la Switzerland, amene anabwereka Z4 molipira. Makinawo anafika ku Zürich mu 1950 ndipo anagwira ntchito kumeneko zaka pafupifupi zisanu. Ndalamazo zinaimika kampani yake, Zuse KG, yomwe inakhazikitsidwa mu 1949. Makina ake ena, monga Z11, ankagulidwa ndi maofesi oyeza malo pogawanso minda ya alimi. Kampaniyo inapanga makompyuta 251, koma ngongole zinaikulira, ndipo mu 1967 inalowa m'manja mwa Siemens.

Atakalamba, mtima wake unabwerera ku makina oyamba aja. Mbiri ya kompyuta inkatchula kwambiri anthu a ku America ndi Britain, ndipo za Z1 panalibe choti n'kuloza kupatula zithunzi zochepa. Chotero cha m'ma 1987, ali ndi zaka 77, Zuse anayamba kuipanganso. Mapulani anali atapsa, choncho anajambulanso kachitsulo kalikonse kuchokera m'mutu, zaka 50 zitadutsa. Ophunzira ochepa anamuthandiza kulumikiza. Ali mkati mwa ntchitoyo anadwala mtima, koma atapeza bwino anapitiriza. Siemens ndi makampani ena analipira ndalama pafupifupi 800,000 za Germany za nthawiyo, zotchedwa mark, pa chinthu chimene poyamba chinapangidwa ndi kasowo pabalaza.

Z1 yachiwiri inatha mu 1989. Akatswiri amene anaifufuza amati siyofanana ndendende ndi yoyamba, chifukwa mkuluyo, pokumbukira, ankakonzanso zina zimene zinamuvuta ali mnyamata. Ngakhale kuti ulendo uno zitsulo zake zinadulidwa mwaluso kuposa kale, nayonso inali ndi khalidwe lokanirira ngati mkulu wake.

Masiku ake omaliza Zuse ankawathera pa kujambula zithunzi ndi penti, ntchito imene ankaikonda kuyambira ali mwana. Anamwalira pa 18 Disembala 1995 ku Hünfeld ali ndi zaka 85. Z4 yeniyeni, imene inapulumuka mabomba, ikusungidwa ku Deutsches Museum mumzinda wa Munich, pomwe Z1 imene anaipanga kachiwiri ili ku Deutsches Technikmuseum ku Berlin.