Ignaz Semmelweis, dokotala amene anadedwa chifukwa cha kusamba m'manja

Anzanga, mwezi uno pa mbiri ya anthu otchuka tiyeni tipite ku Ulaya, zaka pafupifupi 180 zapitazo. Munthu wake ndi Ignaz Semmelweis. Dzinali ndi lovuta kutchula, ndikudziwa, koma ngati munapitako ku wodi ya amayi oyembekezera n'kuona ndowa yampopi ndi sopo pakhomo, mbiri ya ndowa imeneyo imadutsa mwa bambo ameneyu.

Anabadwa pa 1 July 1818 ku Buda, dera lomwe lero ndi mbali ya mzinda wa Budapest m'dziko la Hungary. Bambo ake anali ndi golosale yoyenda bwino, ndipo iye anali wachisanu mwa ana khumi. Mu 1837 anapita ku Vienna, likulu la Austria, kukaphunzira zamalamulo, koma patangotha chaka anazisiya n'kuyamba za udokotala. Anamaliza mu 1844, ndipo mu July 1846 anayamba ntchito ngati wothandizira Pulofesa Johann Klein kumbali ya amayi oyembekezera pa chipatala chachikulu cha mumzindamo.

Apa ndiye pali nkhani. Chipatalachi chinali ndi mawodi awiri ochiliramo. Amayi osauka ankachira ulere, malipiro ake n'kulola kuti ophunzira aziphunzirira pa iwo. Mu wodi yoyamba munkaphunzira ofuna kukhala madokotala, mu yachiwiri ofuna kukhala azamba. Mawodiwa ankalandira amayi mosinthana masiku, ndiye kumene ungagwere zinkangotengera tsiku limene matenda akuyamba. Koma mu wodi ya madokotala amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse ankamwalira, pomwe kwa azamba sankafika anayi. Mayi ankachira bwinobwino, pakapita masiku awiri kapena atatu thupi moto, m'mimba kutupa ndi kupweteka, m'kati mafinya okhaokha, basi n'kutsamaya. Makanda ambiri a amayi oterewa ankatsatira amayi awo kumanda.

Mzinda wonse unkadziwa zimenezi. Amayi ankachita kugwada kupempha kuti asawaike mu wodi yoyamba, ena ankalolera kuchirira mumsewu n'kukafika kuchipatala mwana ali kale m'manja. Chodabwitsa n'chakuti ochirira mumsewuwa sankadwala kawirikawiri nthendayi. Tangoganizani, msewu kuposa wodi yodzaza ndi anthu ophunzira!

Akuluakulu anali ndi mayankho awo. Ena ankati ndi mpweya woipa, koma mawodi onse awiri anali pa chipatala chimodzi. Ena ankati ndi kuthithikana, chonsecho kwa azamba ndi kumene kunkadzaza kwambiri. Enanso ankati amayi akufa ndi mantha chifukwa cha belu limene linkalira wansembe akamadutsa mu wodi kukadzoza odwala kwakayakaya. Semmelweis sanaseke, anapempha wansembeyo kuti azidutsa mwakachetechete. Imfa sizinachepe. Anasintha kagonedwe ka amayi pochira kuti kafanane ndi ka kwa azamba. Ayi ndithu, maliro anali omwewo. Chimene ndimam'kondera munthuyu ndi chimenechi: ganizo lililonse, ngakhale looneka lopepera, ankaliyesa n'kuwerenga chimene chatuluka.

Yankho linabwera ndi maliro a mnzake. Mu March 1847 anapita kukapuma ku Venice, ndipo pobwera anapeza Pulofesa Jakob Kolletschka atamwalira. Wophunzira wina anam'cheka chala mwangozi ndi mpeni ali mkati mong'amba mtembo. Semmelweis atawerenga zimene anapeza m'thupi la mnzakeyo, anaona kuti sizikusiyana ndi zimene ankaziona m'mitembo ya amayi aja. Mwamuna, wosabereka, koma kufa imfa ya mayi wongochira kumene. Maso anatseguka. Madokotala ndi ophunzira awo ankayamba tsiku ndi kung'amba mitembo kuti aphunzire, kenako n'kulunjika ku wodi kukapima amayi ndi manja omwewo. Magolovesi kunalibe. Ena ankasamba ndi sopo, koma fungo la mtembo linkatsalira m'zala. Azamba sankagwira mitembo.

Musaiwale kuti nthawi imeneyo anthu anali asanadziwe kuti majeremusi ndi amene amayambitsa matenda. Iye ankangoti ndi tizidutswa ta mtembo tokakamira m'manja. Ndipo chinthu chowawa chinali chakuti iye mwini anali mmodzi mwa ong'amba mitembo kwambiri, pofunafuna chimene chikupha amayi. Pambuyo pake analemba poyera kuti manja akenso anatumiza amayi ambiri kumanda.

Pakati pa May 1847 analamula kuti aliyense wochokera ku mitembo azisamba m'manja ndi madzi a laimu wa kolorini, m'bale wake wa kolorini amene alangizi a zaumoyo amatigawira nthawi ya kolera. Anasankha mankhwalawa chifukwa ndi amene ankathetseratu fungo lija. Mu April amayi 18 mwa 100 alionse anali atamwalira mu wodi yoyamba. Mu June anali awiri, mu July mmodzi. Imfa za makanda nazo zinatsika. Mu October chaka chomwecho kunabwera phunziro lina lowawa: atapima mayi wina amene anali ndi chotupa chotuluka mafinya, anapitiriza kupima ena atangosamba ndi sopo wamba, ndipo amayi 11 mwa 12 anamwalira. Apa anazindikira kuti nthendayi sichokera ku mitembo kokha, ndipo anati kolorini azigwiritsidwa ntchito munthu akamachoka kwa wodwala wina kupita kwa wina. Mu 1848 panali miyezi iwiri yathunthu imene mu wodimo simunafe mayi ndi mmodzi yemwe.

Mwina mukuganiza kuti anam'kweza pa ntchito, eti? Nthawi yake itatha mu March 1849, Klein sanam'wonjezere ina. Madokotala ambiri sanafune kumva kuti manja awo, anthu ophunzira ndi olemekezeka, ndi amene akupha odwala. Ena ankafunsa moona mtima kuti kanthu kosaoneka kangaphe bwanji munthu, ndipo iye analibe yankho lokhutiritsa. Ndale nazo zinalowererapo, poti mu 1848 anthu a ku Hungary anaukira ulamuliro wa Austria, ndiye munthu wa ku Hungary ku Vienna ankaonedwa ndi diso lofiira.

Koma tisam'yeretse kwambiri. Semmelweis sankakonda kulemba, moti kwa zaka zambiri amene ankafalitsa zimene anapeza anali anzake ndi ophunzira ake, ndipo ena ankazifotokoza mopotoka. Mu 1850 ananyamuka ku Vienna mokwiya osatsanzika ngakhale amene ankam'menyera nkhondo. Kwawo ku Pest anagwira ntchito pa chipatala cha Szent Rókus, komwe pakati pa 1851 ndi 1855 amayi 8 okha mwa 933 ndi amene anafa ndi nthendayi. Anakhala pulofesa mu 1855, anakwatira Mária Weidenhofer mu 1857, ndipo mwa ana awo asanu awiri anamwalira ali makanda. Buku lake linatuluka mu 1861, zaka 14 chitulukireni chinsinsi chija. Linali lalitali, lobwerezabwereza, ndipo akatswiri otchuka ngati Rudolf Virchow sanalilabadire. Iye anayamba kulemba makalata apoyera otchula madokotala anzake kuti ndi zigawenga. Ine mkwiyo wakewo ndimaumvetsa, poti ankadziwa kuti chaka chilichonse chokangana ndi manda enanso, koma kutukwanako sikunasambitse munthu m'manja.

Pofika 1865 khalidwe lake linasintha kwambiri, moti abale ndi anzake anaganiza kuti mutu wasokonekera. Kumapeto kwa July anam'nyengerera kupita ku Vienna, n'kukam'siya ku chipatala cha amisala. Olemba mbiri ambiri amati atafuna kutuluka alonda anam'menya koopsa. Bala la kudzanja lamanja linalowa mafinya, poizoni n'kufalikira m'magazi, ndipo pa 13 August 1865 anamwalira ali ndi zaka 47. Inali nthenda ya mtundu womwewo umene analimbana nawo moyo wake wonse. Pamaliro ake panabwera anthu owerengeka.

Patangotha zaka ziwiri, Joseph Lister ku Glasgow anafalitsa njira yake yophera majeremusi pochita opaleshoni, ndipo mu 1879 Louis Pasteur anaonetsa kachilombo kamene kamapezeka mwa amayi odwala nthenda ija. Mafupa a Semmelweis anawasamutsira ku Budapest mu 1891, ndipo kuyambira 1969 yunivesite ya zaudokotala ya mumzindamo imatchedwa dzina lake.

Lero bungwe la WHO limakumbutsa ogwira ntchito m'zipatala za kusamba m'manja pa 5 May chaka chilichonse. Mayiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo lathu lino, anagwirizana kuti pofika 2030 amayi omwalira pa uchembere asafike 70 mwa 100,000, ndipo makanda omwalira m'mwezi woyamba asapitirire 12 mwa 1,000. Kulowa kwa majeremusi m'thupi kudakali pakati pa zinthu zikuluzikulu zimene zimapha amayi ndi makanda. Ndipo lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linapeza kuti theka la zipatala za padziko lonse zilibe malo okwanira osambira m'manja, kaya pamene amapimira odwala kaya kuzimbudzi.