Nikola Tesla ndi Funso la ku Graz

Ambiri mwa ife tidayamba kumva dzina la Tesla m'kalasi ya fizikisi, pophunzira za maginito. Ndi ochepa amene amadziwa kuti mwini dzinali sadamalize koleji.

Nikola Tesla adabadwa pa 10 July 1856 m'mudzi wa Smiljan, m'dziko limene lero ndi Croatia. Bambo ake anali wansembe ndipo ankafuna kuti mwanayo atsate mapazi awo. Mu 1873 Nikola adadwala kolera, nakhala chigonere miyezi isanu ndi inayi. Poona kuti mwana akupita, bambowo adalonjeza kuti akachira adzamutumiza ku sukulu ya uinjiniya. Adachiradi, ndipo mu 1875 adalowa koleji ya zaluso ku Graz, ku Austria, pa basale.

Chaka choyamba sadajombe n'kamodzi komwe ndipo adakhoza mayeso asanu ndi anayi. Malinga ndi iye mwini, ankawerenga kuyambira 3 koloko m'bandakucha mpaka 11 koloko usiku, moti aphunzitsi adalembera bambo ake kuti mwanayu adzipha ndi mabuku.

Chimene chimatikhudza kwambiri chidachitika m'chaka chachiwiri. Pulofesa Jakob Pöschl ankaonetsa makina a Gramme, amene amatha kupanga magetsi kapena kuzungulira ngati mota. Makinawo anali ndi commutator, kachipangizo kotembenuza kayendedwe ka magetsi, kamene kamakhulana ndi mabulashi n'kumathetheka moto. Tesla adafunsa ngati mota singayende popanda kachipangizoko. Pulofesayo adatsimikizira kalasi yonse kuti zimenezo n'zosatheka. Sitingamunene kwambiri, pakuti pa nthawiyo palibe amene adaonapo mota yotero.

Kenaka zinthu zidasokonekera. Basale idatha, Tesla adalowerera njuga mpaka kudyetsa ndalama za fizi. Kumapeto kwa 1878 adachoka ku Graz wopanda digiri, osatsanzika ngakhale kwawo. Anzake ena adaganiza kuti wamira mumtsinje wa Mur. Bambo ake adamwalira chaka chotsatira, asadaone phindu la lonjezo lija.

Koma funso lija silidamuchoke. Mu 1882, akugwira ntchito ya matelefoni ku Budapest, adapeza yankho: magetsi osinthasintha mbali (AC) akadutsa m'makoyilo angapo motsatizana, mphamvu ya maginito imazungulira yokha n'kukoka mtima wa mota, popanda mabulashi. Adafika ku New York mu 1884, ndipo mu 1888 kampani ya George Westinghouse idagula ufulu wogwiritsa ntchito luso lakelo. Mu 1896 magetsi a AC ochokera ku mathithi a Niagara adafika mumzinda wa Buffalo. Mota zambiri zoyendetsa zigayo zamagetsi kwathu kuno ndi za mtundu womwewo.

Mu 1937 koleji ya ku Graz ija idamupatsa digiri yaulemu ya udokotala. Adamwalira pa 7 January 1943 m'chipinda cha hotela ku New York, ali yekha.